Maliro n'Kulirana: Kuunika Filimu ya Mnyamata wa ku Wimbe

M'chaka cha 2019 anthu a m'maiko ambiri anaona mudzi wa ku Kasungu pa kanema. Filimuyo dzina lake ndi The Boy Who Harnessed the Wind, ndipo anaikonza ndi Chiwetel Ejiofor potsata buku limene William Kamkwamba analemba pamodzi ndi Bryan Mealer m'chaka cha 2009. Nkhani yake ambiri tikuidziŵa: mnyamata wa ku Wimbe analeka sukulu posoŵa fizi pa nthaŵi ya njala ya 2001 ndi 2002, namanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotola kudzala. Olemba ambiri atamanda nzeru za mnyamatayo, pamene Amalaŵi ena adandaula ndi Chicheŵa cha ochita seŵerolo, poti ambiri mwa akuluakulu ake ndi alendo. Ife pano tifuna kuunika mbali ina imene yaiŵalika. Filimuyi iyamba ndi maliro, ndipo anthu ake onse ndi anamfedwa. Kodi yaonetsa moona m'mene anthu a ku Kasungu amatonthozerana? Funsoli si lachabe kwa ife, pakuti wansembe wa m'parishi ya kumudzi satha masabata ambiri osaitanidwa ku siwa.

Gule pa maliro

Poyambirira penipeni mbale wake wa Trywell, bambo a William, akugwa m'munda nafa. Pa maliro ake tikuona mapemphero achikhristu, kenaka gule wamkulu akutulukira. Apa Ejiofor tiyenera kumuyamikira, chifukwa sanaonetse ziŵirizi ngati adani olimbirana mtembo. Amene anaŵerenga zimene Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden analemba m'chaka cha 1972 za kulimbana kwa nyau ndi mishoni za Katolika adziŵa kuti mtendere wotere sunali wamasiku onse. Panapita zaka zambiri tisanayambe kufunsa chimene gule amanena, ndipo ntchito ya Bambo Claude Boucher ku Mua, kumene anayambitsa malo a zaluso a Kungoni m'chaka cha 1976, inatithandiza kwambiri kuona ndi maso ena. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linaika gule wamkulu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Komabe pali pamene filimuyi yaperewera. Kamera ikonda gule chifukwa ngwochititsa chidwi: nthenga, nsanza, fumbi ndi ng'oma. Munthu woonerera ali ku London aganiza kuti waona chinsinsi cha ku Africa, koma sauzidwa chimene zilombozo zadzera. Pakati pa Acheŵa gule amabwera pa maliro kudzagwira ntchito. Kasiyamaliro amaperekeza wakufa kuti mzimu wake ukakhale pakati pa makolo, usatsale m'mudzi nuvutitsa otsala. Amai amayankha nyimbo naomba m'manja, wina amasupa ndi kandalama, ndipo nthaŵi zina chilombo chimachita zoseketsa mpaka namfedwa amene wakhala osadya namwetulira. Chitonthozo chiri m'kuyankhana kumeneku. Filimuyi yatipatsa maonekedwe a gule, koma ubale umene umamuitana ndi kumulandira yausiya kumbuyo.

Zimene kamera sinaone

Luso lalikulu la pa maliro a kwathu liri m'tinthu tating'ono timene sitikopa maso a mlendo. Uthenga ukangomveka, anyamata amaika masamba pa mseu, ndipo wapanjinga aliyense, ngakhale sadziŵa amene wamwalira, amatsika nayenda pansi, wachipewa navula. Amai amafika ndi kambale ka ufa kovundikira ndi nsalu, wina mtolo wa nkhuni, wina chidebe cha madzi. Amaloŵa m'siwa nakhala pansi, mapewa kukhudzana ndi a namfedwa. Abambo amasonkha moto panja nachezera usiku wonse. Adzukulu amalaŵirira kumanda ndi makasu, ndipo nthabwala zao zimapepuza mitima imene mau aulemu alephera kuipepuza. Wopepesa amagwada, napereka dzanja, nanena liwu limodzi kapena aŵiri basi. Pambuyo pake zipepeso zimaŵerengedwa poyera, zazikulu ndi zazing'ono pamodzi, kuti ofedwa amve maina a anthu amene sanaŵasiye okha.

Wina anganene kuti zimenezi ndi mwambo chabe, si luso ai. Koma taonani m'mene mai wotsogolera nyimbo amasankhira nthaŵi yoyambitsa. Amadikira kuti kulira kufike pachimake, kenaka amayamba chapansipansi, anzake namulandira, mpaka kulira kuja kutasanduka kuimba popanda wina kuletsedwa kulira. Kaya ndi amai a Chigwirizano a ku Nkhoma Sinodi, kaya ndi amai a mphakati ndi korona m'manja, nzeru yake ndi imodzimodzi, ndipo saiphunzira m'buku. Wopanga filimu amene akanaleza mtima nasiya kamera m'siwa kwa mphindi zitatu akanatiphunzitsa za Acheŵa koposa m'mene zithunzi zonse za gule zachitira.

Njala ndi fodya

Pamene filimuyi yanena zoona mosabisa ndi pa nkhani ya fodya ndi njala. Tikuona a esiteti akunyengerera anthu kuti agulitse mitengo yao ikaumitse fodya, mfumu ikuchenjeza, koma anthu osauka akuvomera. Tikuona banja likugwirizana zodya kamodzi pa tsiku, ufa ukubedwa m'nyumba, ndi mwana wamkazi akuchoka kuti pachepe pakamwa podya. Boma linalengeza kuti m'dziko muli tsoka la njala mu February 2002, ndipo Kasungu anali mmodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri.

Chimene tiyenera kuonjezapo n'chakuti njala imalanda munthu ngakhale njira yopepesera mnzake. Mai amene alibe ufa wa ana ake adzapita bwanji ku siwa ndi mbale yopanda kanthu? Mdzukulu amene sanadye masiku aŵiri adzakumba bwanji manda? Akulu anati maliro n'kulirana, koma kulirana kumafuna kamphamvu ndi kanthu m'manja. Vuto lomweli limaoneka ngakhale m'zaka za dzinthu pakati pa matenanti a m'maesiteti a fodya, amene ambiri anachokera kutali, ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Phalombe. Mwana akamwalira pa nyengo yothyola ndi kusoka fodya, mwinimbumba ali kutali, manda ndi a eni dera, ndipo ntchito ya m'chigafa siima. Filimuyi sinafike m'makomboni ameneŵa, koma wansembe wa ku Kasungu amafikako.

Manda a galu

Chodabwitsa n'chakuti chitonthozo chenicheni m'filimu yonseyi chikuoneka pa imfa ya galu. Khamba, galu wa William, akufa ndi njala pa nthaŵi imene mnyamatayo ndi bambo ake sakumvana, poti bamboyo wakana kupereka njinga yake kuti idulidwe n'kukhala makina. Mai Agnes akulankhula ndi mwamuna wao, ndipo William atakwirira galu uja, bambo ndi mwana akuyanjana. Galu saikidwa ndi mwambo: palibe ng'oma, palibe kwaya, palibe mlaliki. Mwa chikhalidwe chathu munthu wamkulu akanatha kuseka mwana wolirira galu pamene anthu akufa. Trywell sakuseka. Wazindikira kuti chisoni cha mwana wake n'chenicheni, ndipo chipepeso chake ndi njinga, chuma chokhacho chimene chamtsalira. Apa Ejiofor, ngakhale ndi mlendo, wagwira mtima wa mwambo wathu: kupepesa ndiko kufika pamene wolirayo ali, ndi kusiyapo kanthu kako.

Phunziro kwa ife

Ku seminale timaphunzira kukonza ulaliki wa pa maliro, ndipo n'koyenera. Koma tikumbukire abwenzi a Yobe. Masiku asanu ndi aŵiri amene anakhala naye pansi osalankhula anachita bwino. Analakwa atayamba kufotokoza chifukwa chimene iye anavutikira. Ifenso timafika mochedwa pa galimoto, tipatsidwa mpando pamthunzi, tilalika ola lathunthu, ndipo tichoka manda asanaundidwe. Ofedwa adzaiŵala ulaliki wathu, koma sadzaiŵala amene anagona pa siwa.

Pamene Ambuye Patrick Kalilombe anatsogolera sinodi ya dayosizi ya Lilongwe kuyambira 1973 mpaka 1975, cholinga chinali chakuti Mpingo ukhale pakati pa anthu m'miphakati yao. Maliro a tenanti ndiwo muyeso wa cholinga chimenechi. Ngati mphakati wapafupi ndi esiteti ungatumize amai ndi ufa, anyamata ndi makasu, ndi mkulu wokapempha malo a manda kwa mfumu, mlendoyo wapeza abale. Mseminale amene akupita kukathandiza m'parishi pa tchuthi aone filimuyi, ndipo akafika ku mudzi apemphe katekisi kuti amutenge ku siwa madzulo, akakhale pa moto ndi abambo mpaka kucha, asanapatsidwe mwai wolalika pa maliro.