Pepala la Bach lisachapidwe

Mu 1958 mumzinda wa Brussels munali chionetsero chachikulu cha mayiko, ndipo dziko la Austria linatumizako chuma chake chamtengo wapatali: mapepala amene wopeka nyimbo Mozart analembapo Requiem, Misa ya akufa imene anaisiya yosatha pomwalira mu December 1791. Pachionetseropo munthu wina anang'amba kangodya ka m'munsi ka tsamba lina n'kuzemba nako. Pakangodyapo panali timawu touza oimba kuti abwereze chigawo cham'mbuyo, ndipo ambiri amakhulupirira kuti tinali m'gulu la mawu omaliza amene dzanja la Mozart linalemba. Kachidutswako sikanabwerenso. Wofuna kuona timawuto lero amatipeza pa zithunzi ndi mu facsimile (makope osindikizidwa ofanana ndendende ndi pepala lenileni) zimene zinapangidwa wakubayo asanafikepo.

Nkhani yokhayi ikanatha kuphunzitsa olemba ndemanga ntchito yeniyeni ya facsimile. Koma ayi. Nthawi zambiri amangotamanda chikuto chachikopa, zilembo zagolide pamsana pa buku, bokosi lake ndi kulemera kwake m'manja, ngati kuti akugula mpando wa pabalaza. Zimenezi zimapsetsa mtima. Facsimile ndi mboni imene imanena mmene pepala linalili tsiku limene kamera inaliona, ndipo pabwalo la milandu palibe amene amafunsa kuti mboni yavala jekete lanji.

Choipa kwambiri ndi chizolowezi chochapa tsamba. Osindikiza ena, pofuna kuti manotsi aoneke bwino, amachotsa mtundu wa pepala, madontho, zofufutika ndi inki yodutsira kuseri, n'kusiya zakuda pa zoyera. Amati akuthandiza woimba. Zoona zake n'zakuti akumutseka pakamwa mboniyo isanayambe kulankhula.

Chitsanzo chili poyera ndi St Matthew Passion. Mu 1736 Bach, amene anaipeka, anakopera nyimbo yonseyi mosamala kwambiri, ndipo anagwiritsa ntchito inki ziwiri. Mawu ochokera mu Uthenga Wabwino anawalemba ndi inki yofiira, pamodzi ndi nyimbo yatchalitchi imene imayandama pamwamba pa makwaya awiri m'chigawo choyamba. Munthu amene anali ndi ntchito yambiri chonchija, kusukulu ndi kumatchalitchi a ku Leipzig, sakanavutika kusinthasintha nthenga popanda chifukwa. Kufiirako kukunena zimene Bach ankaziyesa zopatulika. Wosindikiza akajambula tsambalo ndi mtundu wakuda wokha, manotsi onse amakhalapo, koma maganizo a mwini nyimbo amafafanizika.

Pa Misa ya Bach ya B minor m'pamene nkhaniyi imafika pamtima. Mapepala ake amasungidwa ku Staatsbibliothek mumzinda wa Berlin, ndipo UNESCO inawaika m'kaundula wake wa zolemba zofunika kwambiri padziko lonse mu 2015. Inki ya nthawi imeneyo inkapangidwa ndi tinjere totupa tomera pamitengo ya oak, mchere wa chitsulo ndi manthova. Inki yotereyi imadya pepala pang'onopang'ono ngati chiswe. Pamene Bach wokalambayo, maso atayamba kufooka, anasindikiza nthenga kwambiri kapena kukonza notsi polembanso pamwamba pake, pepalalo linapsa, mwina mutu wa notsi unathothoka n'kusiya kabowo. Ndiye palinso dzanja lachiwiri. Mwana wake, Carl Philipp Emanuel, pokonzekera kuimbitsa chigawo cha Misayi chotchedwa Credo ku Hamburg mu 1786, analemba zosintha zake pamapepala omwewo a bambo ake. Kusiyanitsa za bambo ndi za mwana kunavuta kwambiri moti katswiri Uwe Wolf, pokonza buku la Misayi losindikizidwa mu 2010, anadalira makina a X-ray opima zimene zili mu inkiyo.

Tsono facsimile ya Misayi imene osindikiza a Insel Verlag anatulutsa mu 1924 yasanduka chuma pachokha, chifukwa imaonetsa masamba ena inki isanawadye mmene yawadyera lero. Akatswiri amabwererabe kwa iyo kukawerenga manotsi amene papepala lenileni sakuonekanso. Ya Bärenreiter ya 2007, imene Christoph Wolff anailembera mawu ofotokozera, ili ndi mitundu yonse ndipo siibisa chilonda chilichonse: mbali zoderako pamene inki inalowerera, mizere yokandidwa ndi mpeni, manotsi a kuseri akusuzumira kutsogolo. Mabuku awiriwa akaikidwa pamodzi patebulo, munthu amaona ndi maso ake zimene zaka 83 zinachita. Akanakhala kuti wina anachapa limodzi mwa iwo, kuyerekezako kukanatheka bwanji?

N'chifukwa chake luso lakale la collotype, limene Ajeremani amalitcha Lichtdruck, liyenera ulemu woposa umene limalandira. Alphonse Poitevin anapeza maziko ake mu 1855, ndipo Joseph Albert wa ku Munich analikonza kuti ligwire ntchito yosindikiza mu 1868. Mmisiri amapaka jelatini wosakaniza ndi mankhwala pagalasi lochindikala, n'kuliwalitsa pansi pa negativi. Pamene kuwala kwagwa kwambiri jelatiniyo amalimba n'kugwira inki yambiri, pamene kwagwa pang'ono amamwa madzi n'kuikana. Akamauma amachita timakwinya tosaoneka ndi maso, ndipo timakwinyato ndi timene timanyamula mthunzi uliwonse, kuyambira wotuwa mpaka wakuda bii, popanda timadontho tondandalika. Woimba vayolini akatenga galasi lokulitsa n'kuyang'ana mzere wokhota wolumikiza manotsi, amauona mmene unayambira wonenepa n'kumapyapyala nthenga ikamauma, ndipo amatha kuweruza yekha ngati Bach anafuna kuti uta ukoke manotsi atatu kapena anayi. Ntchitoyi ndi yochedwa, imadalira chinyezi cha m'chipinda ndi dzanja la mmisiri, ndipo galasi limodzi limatopa msanga. Koma kukongola kwake! Pansi pa galasi lomwelo, tsamba losindikizidwa ndi njira yotchipa ya offset limangosweka n'kukhala mchenga.

Zithunzi za pa intaneti, monga za Bach Digital, n'zothandiza kwa wophunzira amene sangafike ku Berlin, komabe foni siiuza munthu kukula kwa pepala kapena mmene masamba anapindidwira.

Ndipo pali zina zimene ngakhale kamera yabwino imalimbana nazo. Ku Vienna, bungwe la Gesellschaft der Musikfreunde limasunga kope la Eroica, nyimbo ya Beethoven, limene mlembi anakopera ndipo Beethoven anakonzamo. Patsamba loyamba panali dzina la Bonaparte, ndipo Beethoven analikanda mwaukali mpaka pepala linabooka. Wojambula wosasamala akaika pepala loyera kuseri, bowolo limaoneka ngati banga chabe. Wodziwa ntchito amasankha choika kumbuyo ndi mbali yochokera kuwala kuti m'mphepete mong'ambikamo muoneke ulusi wa pepala utaimirira, ndiponso kuti zotsalira za zilembozo ziwerengeke mozungulira bowolo.