Zilembo zazikulu ndi zilembo zazing'ono pa paketi ya ndudu ku Korea

Kuyambira pa 23 Disembala 2016, paketi iliyonse ya ndudu yotuluka m'fakitale ku South Korea imayenera kukhala ndi chithunzi chochenjeza. Pa gulu loyamba la mapaketiwo, pansi pa chithunzi cha khansa ya m'mapapo panalembedwa mawu omwe m'Chichewa angamveke chonchi: "Kusuta ndi gwero la khansa ya m'mapapo! Kodi musutabe?" M'munsi mwake, m'zilembo zochepa, munali nambala ya aphungu othandiza ofuna kusiya fodya, 1544-9030.

Chiganizo choyambacho n'cha dokotala. Chachiwiricho n'chimene chili ndi nzeru. Si lamulo, ndi funso, ndipo m'Chikoreya linalembedwa mwaulemu waukulu, momwe wogulitsa m'sitolo amalankhulira ndi kasitomala. Funsoli likuvomereza kuti wosutayo zonsezi akuzidziwa kale. Silikumuphunzitsa kanthu, likungomusiyira mlandu m'manja. Kwa mwamuna wamkulu amene safuna kulamulidwa ngati mwana, imeneyi ndi njira yabwino yomufikira. Koma funso loti "musutabe?" lili ndi yankho losavuta, ndipo munthu amene chibaba chamugwira amaliyankha ndi machesi.

Lamulo la dzikolo limati zithunzi ndi mawu zizisinthidwa pakapita miyezi 24, ndiye tikhoza kuona mmene olembawo akhala akusinthira maganizo. Mu 2018 anaikapo chiwerengero: chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimakwera mpaka ka 26, funso lija n'kutsatira. Mu 2020 funsolo analichotsa. Mu 2022 panangotsala dzina la matenda, basi. Mu 2024 anabwerera ku chiganizo, chonena za njira yopita ku khansa ya m'mapapo. Ine ndimaona kuti cha 2018 n'chimene chinali chofooka, chifukwa cha liwu loti "mpaka". Wosuta aliyense amadziwa kudziika kunsi kwa malire: 26 ndi wa uja amamaliza mapaketi awiri pa tsiku, osati ine.

Kusinthasinthako pakokha n'kuvomereza kuti mantha amasuluka. Diso limazolowera. Zithunzi zitangofika, timabokosi tobisira paketi ndi timapepala tomata pachithunzi tinayenda malonda. Ndipo lamulo lomwelo lili ndi mawu akuti chithunzi chikhale choona koma chisakhale chonyansa mopitirira, ngati kuti opanga malamulo anafuna kuopseza munthu kwinaku akumusisita.

Amene akulankhulidwa pa paketi ndi mwamuna, ngakhale satchulidwa. Mu 1998 amuna 66 pa 100 alionse ku South Korea ankasuta, pamene akazi sankafika 10. N'chifukwa chake pakati pa zithunzizo pamapezeka chonena za kutha mphamvu kuchipinda, komanso cha mwana wopuma utsi wa makolo. Mu 2022 anajambula botolo loyamwitsira khanda litadzaza zishiki za ndudu. Zithunzi za banjazi ndizo zayandikira zenizeni, pakuti kafukufuku wa kumeneko amapeza mobwerezabwereza kuti amuna okwatira, achikulirepo, ndi amene kunyumba kwawo fodya saloledwa, ndi amene amasiya n'kukhalitsa.

Chimene paketi yakhala chete n'chakuti mwamuna wa ku Korea sanaphunzire kusuta ali yekha. Pafupifupi mnyamata aliyense amakalowa usilikali mokakamizidwa, ndipo kwa zaka zambiri boma lenilenilo linkagawira asilikali ndudu za Hwarang, mpaka 1981. Fodya wotchipa wopanda msonkho m'mabaraki anatha mu 2009. Akachoka kumeneko amakapeza ntchito komwe nkhani zofunika zimakambidwa pakhonde losutira, ndi madzulo a hoesik, pamene abwana amatenga anyamata awo kukadya nyama yootcha ndi kumwa soju. Kukana kupita n'kovuta. Mowa ukalowa, lonjezo la pa 1 Januwale losiya fodya limaiwalika, ndipo zipatala zothandiza osiya fodya zimaona kuti omwa kwambiri ndi amene amayambiranso kusuta msanga. Chenjezo limalankhula ndi munthu mmodzi ndi mapapo ake, chikhalirecho ndudu imayatsidwa pagulu.

Ziwerengero nazo sizipereka ulemu wonse kwa zithunzi. Mu Januwale 2015, zithunzi zisanabwere, mtengo wa paketi unadumpha kuchoka pa 2,500 won kufika pa 4,500 won, ndipo mwezi womwewo kusuta kunaletsedwa m'malo onse odyera ndi omwera, aakulu ndi aang'ono omwe. Amuna osuta anatsika kuchoka pa 43 kufika pa 39 pa 100 alionse m'chaka chimodzi. Chaka chotsatira anakweranso pang'ono kufika pafupifupi 41, matumba atazolowera, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka 30 mu 2022. Mwina mawu amphamvu kuposa onse okhudza paketiyo anali pa kapepala ka mtengo pashelefu.

Tsono tibwere ku mzere waung'ono uja, umene sunasinthe pamene zonse zapamwamba zasinthidwa kanayi. Nambalayo ndi ya uphungu wa pafoni umene National Cancer Center inayamba kupereka mu 2006. Kuseri kwake kuli zambiri. Kuyambira 2005, zipatala zazing'ono za boma m'dziko lonselo zili ndi chipinda cha ofuna kusiya fodya. Munthu amalembetsa, amauzira mpweya m'kachipangizo kosonyeza kuchuluka kwa utsi m'thupi mwake, amalandira mwaulere zomata pakhungu ndi chingamu cha chikonga, ndipo mlangizi amamutsatira kwa miyezi 6, pamaso komanso pafoni. Kachipangizoko n'kofunika kuposa mmene kamaonekera: chiwerengero chikatsika sabata yotsatira, munthu amaona ndi maso ake chimene wapindula, zimene chithunzi cha mapapo a munthu wina sichingamupatse. Kuyambira Febuluwale 2015, inshulansi ya zaumoyo ya dziko imathandizanso kulipira chithandizo cha masabata 8 mpaka 12 kwa dokotala, ndi mankhwala monga varenicline kapena bupropion, ndipo womaliza amabwezeredwa ndalama zake. Osuta kwambiri amene alephera kangapo amagonekedwa pamalo apadera masiku 5.

Akafufuza amene anadutsa m'zipinda zimenezi, chinthu chimodzi chimaonekera kawirikawiri: amene anakumana ndi mlangizi nthawi zambiri ndi amene anafika miyezi 6 osasuta. Wina anganene kuti obwererabwererawo anali otsimikiza kale mtima, ndipo mwina n'zoona pang'ono. Komabe chibaba chimavuta kwambiri m'masabata oyambirira, ndipo m'masabata amenewo munthu amafunika mankhwala ndi wina womufunsa kuti zikuyenda bwanji.

Vuto langa ndi malembawa lili pamenepa. Boma linalanda theka la nkhope ya paketi, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kulidzaza ndi zimene wosuta akudziwa kale. Zimene mwina sakudziwa, kuti zomata pakhungu n'zaulere pachipatala cha m'dera lake ndiponso kuti ndalama za mankhwala adzabwezeredwa, sizinalembedwe paliponse. Ayenera kuyamba waimba foni kuti azimve.