"Ndalama zikapezeka": Chichewa cha mayankho a nduna

Masana ena ku Namitambo, pakhonde la golosale pafupi ndi msika, tinali kumvera wailesi ikufotokoza zimene zachitika ku Nyumba ya Malamulo. Phungu wina anafunsa za msewu, nduna inayankha, ndipo wowerenga nkhani anatiuza m'Chichewa kuti boma likudziwa za vutoli, ntchito idzayamba ndalama zikapezeka. Bambo wina wokonza njinga, osadzutsa n'komwe mutu pa chubu chimene amamata, anati: "Zikapezeka? Zinagwera pati, tikathandize kufuna?" Tonse tinaseka. Koma bamboyo anakhudza nkhani imene ife ophunzira za chiyankhulo timatha masamba khumi tikuizungulira.

Mneni woti "kupezeka" ali ndi kachidutswa ka -ek-, kamene kamachotsa wochita m'chiganizo. Sam Mchombo, m'buku lake la 2004 lofotokoza kapangidwe ka ziganizo za Chichewa, anasiyanitsa bwino kachidutswaka ndi -idw-. Mukati "mbale yaswedwa", munthu atha kufunsa kuti yaswedwa ndi yani, ndipo yankho lilipo. Mukati "mbale yasweka", khomo la funsolo mwatseka. Simunganene kuti "yasweka ndi mwana". Mwana aliyense amene anaswapo mbale ya amayi ake amaidziwa galamala imeneyi asanalowe sitandade 1. Tsono mverani Chichewa cha nkhani za ku Nyumba ya Malamulo: ndalama "zasokonekera", mankhwala "asowa", ntchito "yachedwa", katundu "waonongeka". Zinthu zimangodzichitikira zokha ngati mvula.

Sindikunena kuti omasulira nkhani amachita dala. Nduna imayankha m'Chingerezi chimene nachonso chimabisa wochita, ndipo womasulira ali ndi mphindi zochepa nkhani zisanaulutsidwe. Koma Chichewa chimamukakamiza kusankha pamene Chingerezi sichikakamiza. Liwu limodzi loti "will" lingakhale "timanga mlathowo", "tikamanga mlathowo" kapena "tidzamanga mlathowo". Loyamba ndi la lero kapena mawa, lachiwiri ndi la munthu amene wanyamuka kale ulendo, lachitatu lingafike chaka cha chisankho. Nthawi zambiri timamva -dza-, ndipo mwina ndiye woona mtima pa atatuwa. N'chimodzimodzi "zikapezeka": -ka- ameneyu amamveka ngati tsiku lopezekalo lilipo ndithu, pamene chimene nduna yanena chili pafupi ndi "ngati zingapezeke". Womasulira wapatsa nduna lonjezo limene sinalonjeze, ndipo womvera wa ku Namitambo adzakwiyira bodza limene linabadwira m'chipinda cholembera nkhani.

Ulemu nawo umasokoneza. "A nduna anena kuti analakwitsa." Analakwitsa ndani, iwowo kapena ogwira ntchito ku unduna? Kachidutswa ka a- n'kamodzi pa munthu mmodzi wolemekezeka ndi pa gulu la anthu. Pabwalo la mfumu vutoli kulibe chifukwa wina amadzuka n'kufunsa kuti "inuyo kapena anzanu?" Ku Nyumba ya Malamulo ntchito imeneyi ndi ya funso lowonjezera, limene phungu amafunsa yankho loyamba likapanda kumugwira mtima. Pamenepo ndiye pamene nduna imasiya pepala lolembedwa ndi akuluakulu a ku unduna n'kuyankha za m'mutu mwake. Koma m'chidule cha nkhani za m'Chichewa, mwa zimene ndakhala ndikumva, funso lowonjezera ndilo limayamba kudulidwa. Timamva funso, timamva yankho lapapepala, basi.

Mayina enieniwo a maudindo sathandiza. "Nduna" tinatengera kwa Angoni, ndipo kumudzi nduna ya mfumu ndi imene imafunsa anthu mafunso pa mlandu, osati kufunsidwa. "Phungu" ndi mlangizi wa namwali, munthu woima pambali pako, osati wopanikiza akuluakulu. "Nyumba ya Malamulo" imatchula ntchito imodzi yokha, yopanga malamulo; ntchito yolondola boma mulibemo m'dzinamo. Chonsecho gawo 96 la malamulo aakulu a dziko lino limati nduna zizipezeka ku Nyumbayi kuti ziyankhe mafunso okhudza mfundo za boma, ndipo gawo 89 limati ngakhale mtsogoleri wa dziko atha kuitanidwa kukayankha, monga anachitira Lazarus Chakwera mu Seputembala 2020.

Nanga liwu loti "accountability"? Ambiri amati "kuchita zinthu poyera". Ayi, kumeneko n'kuonetsa chabe. Munthu atha kudya mbuzi ya eni poyera. Ena amati "kuyankha mlandu", koma apo mwamuweruza kale. Amayi a banki m'khonde ali nawo mawu abwino: tsiku logawana, msungichuma "amalongosola" ndalama, amaziwerenga pamaso pa onse, ndipo zikapanda kukwana "amabweza". Kulongosola, kuwerengetsa, kubweza. Mawu atatuwa ali ndi wochita, ali ndi womvera, ali ndi chotsatira chake. Sindikuona chifukwa choti tizifunafuna liwu limodzi lalitali pamene aneni alipo kale pamsika.

Nkhani ya feteleza wa AIP mu 2022 inaonetsa malire a zonsezi. Ndalama zokwana K750 miliyoni zinapita ku kampani ya ku Britain yotchedwa Barkaat Foods, imene inadziwika kuti malonda ake ndi a nyama. Komiti ya aphungu yoona za ulimi inafunsa mafunso, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho nduna ya zaulimi, Lobin Lowe, inachotsedwa. Taonani, inenso ndangolemba kuti "zinapita", ngati ndalama zili ndi miyendo. Ndipo "inachotsedwa" ndi yani? Ndi mtsogoleri wa dziko, osati aphungu, pakuti gawo 97 limaika nduna pansi pa iye. Aphungu angafunse, angachititse manyazi, angakane kuvomereza ndalama za unduna, koma sangachotse nduna. Anthu a ku Chiradzulu nawo sangachotse phungu pakati pa zisankho, poti gawo 64, limene linkalola zimenezi, linafafanizidwa mu 1995. Chotsala m'manja mwawo ndi kumva bwinobwino zimene zanenedwa, n'kuzisunga.

Gwero la vutoli n'lodziwika. Gawo 51 limafuna kuti phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi, ndipo Alfred Matiki, atafunsa aphungu enieniwo, analemba mu 2003 kuti lamuloli limatsekereza ena kutenga nawo mbali mokwanira pa zokambirana. Zimene ambiri sadziwa n'zakuti gawo 56 limalola Nyumbayi kuvomereza ziyankhulo zina pambali pa Chingerezi. Sipafunika kusintha malamulo aakulu, eti. Ndikudziwa kuti funso lotsatira ndi loti chiyankhulo chiti, ndipo ku Namitambo komweko kuli anthu amene agogo awo ankayankhula Chilomwe. Ku Mzimba ndi ku Karonga sanaiwale zimene zinachitikira Chitumbuka mu 1968. Ku South Africa aphungu amayankhula ziyankhulo zawo, omasulira ali m'tizipinda, ndipo zimenezo zimafuna ndalama.

Pakadalipano pempho langa kwa olemba nkhani ndi laling'ono. Nduna ikabisa wochita, nenani kuti sinatchule amene anachita. Ikapanda kupereka tsiku, nenani kuti tsiku sinapereke. Ndipo funso lowonjezera lisiyeni momwemo, ngakhale mudule moni wa kwa a Sipikala.