Gauguin Anachoka ku Arles ndi Chiyani?

Munthu akamachoka pamalo amasankha katundu woti anyamule, ndipo akafika kwina amasankhanso nkhani yoti akasimbe. Ine ndikufuna tiyang'ane nkhani imene Paul Gauguin anasimba za kuchoka kwake m'nyumba yachikasu ya ku Arles, kumwera kwa France, chifukwa sindikuikhulupirira yonse.

Vincent van Gogh analakalaka kuti nyumbayo ikhale malo ogonamo ndi kugwiriramo ntchito amisiri ojambula ndi utoto. Gauguin anafika pa 23 Okutobala 1888, koma sanabwere chifukwa cha loto la mnzakeyo ayi: anali pa umphawi, ndipo Theo, mng'ono wa Vincent, analonjeza kumampatsa mafranki 150 pamwezi posinthana ndi chithunzi chimodzi. Anakhalamo masabata asanu ndi anayi okha. Ankakangana pafupifupi pa chili chonse. Gauguin ankati mmisiri azijambula za m'mutu, pamene Vincent ankafuna chinthu chili pamaso pake. Usiku wa pa 23 Disembala Vincent anadzidula khutu, Gauguin atakagona ku hotela. Patangopita masiku awiri mlendoyo anakwera sitima ya ku Paris, ndipo awiriwa sanaonanenso.

M'buku lake la Avant et après, lomwe analemba mu 1903 ali pa chilumba cha Hiva Oa, Gauguin akudzionetsa ngati mphunzitsi amene anapeza mwana atasochera nkumuwongolera njira. Akufuna tikhulupirire kuti mpendadzuwa wotchuka uja unaphuka chifukwa cha malangizo ake. Apa mpamene ndimagwira njakata, anzanga, pakuti zithunzi za mpendadzuwazo Vincent anazijambula mu Ogasiti, miyezi iwiri mlendo asanaponde pakhomo, ndipo cholinga chake chinali kukometsera chipinda cha mlendoyo! Nkhani yakuti Vincent anamtsata mumsewu lumo lili m'manja nayonso ikupezeka m'bukuli, pamene m'zimene anauza mnzake Émile Bernard atangofika ku Paris lumolo mulibe. Kodi lumo limamera pakatha zaka 15? Wolemba bukuyo ankadziwa kuti Vincent anamwalira mu 1890 ndipo sangamtsutse.

Bukulo likukoma powerenga, zimenezo sindikana, ndipo kukoma kwakeko ndiko kumandiopsa. Munthu amene anasiya mnzake ali gone m'chipatala ayenera kupeza chifukwa chomveka, ndipo lumo ndi chifukwa chabwino zedi.

Umboni umene ndimaukhulupirira ine uli mu utoto. Mlendo asanachoke, Vincent anajambula mpando wa Gauguin wopanda wokhalapo, pali kandulo yoyaka ndi mabuku awiri, ngati kuti mtima unamuuza kale kuti mwini mpando ali paulendo. Gauguin nayenso, mu Januwale 1889, analembera Vincent kupempha chimodzi cha zithunzi za mpendadzuwa, yemwe uja amati ndi mphunzitsi. Kenaka ali kutali ku Tahiti anapempha mnzake Daniel de Monfreid kuti amtumizire mbewu za maluwa, ndipo mu 1901 anajambula mpendadzuwa kangapo. M'zithunzi zina mwa izo maluwawo anawaika pampando wa manja, wopanda munthu. Pamenepo sakudziteteza kwa wina ali yense, ndipo sindiona mphunzitsi aliyense m'chipindamo.