Liwu loti "servile" ndi mawondo a azakhali anga

Mwezi watha tinali pamaliro ku Chigwirizano, kufupi ndi Likuni. Azakhali anga, popereka madzi osamba m'manja kwa akuluakulu, adagwada monga mwa mwambo. Mphwanga wina wophunzira bwino adandinong'oneza, ati: "Achimwene, izi ndiye Angelezi amati servile." Ndidangoti duu, koma liwulo lakana kuchoka m'mutu mwanga, chifukwa alembi athu nawonso amalikonda, ndipo ndikuona kuti amaliponyera anthu osalakwa.

Tiyambe ndi kumene lidachokera. Kholo lake ndi liwu la Chilatini loti servus, kutanthauza kapolo. Mngelezi akati uje ndi servile, sakunena za ulemu ayi. Akunena mfulu yochita ngati kapolo: kuseka nthabwala ya bwana isanathe, kuvomereza mfundo usanaimve, zonsezi chifukwa cha mantha kapena dyera. Ife timati kunyambita mapazi, ndipo anthu otere timawatcha atidyenawo kapena a "inde bwana".

Makolo athu ankadziwa kusiyanitsa. M'nthawi ya atsamunda, munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. Nkhani ya chipewayi, pamodzi ndi thangata, idatuluka pakati pa madandaulo pofufuza za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Komatu anthu omwewo ankaombera m'manja mafumu awo osanyinyirika. Chidawawawa ndi ulemu wolandidwa ndi chikoti.

Chisokonezo chenicheni chidadza titalandira ufulu. Mu 1964 nduna zimene zidatsutsana ndi Dr Banda, monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere, zina zidachotsedwa, zina zidatula pansi maudindo, mapeto ake n'kuthawa m'dziko muno. Pofika 1971 tinali ndi pulezidenti wamuyaya. Amene tidalipo timakumbukira ngodya zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Apa ndi pamene mantha adavekedwa chitenje cha chikhalidwe, ndipo wofunsa funso ankaoneka ngati mwana wopanda mwambo. Chonsecho kumudzi mfumu imakhala ndi nduna zoidzudzula, paja mutu umodzi susenza denga.

Jack Mapanje adaliona bwino vutoli. M'buku lake la ndakatulo la 1981, Of Chameleons and Gods, mivi yambiri idalunjika kwa olamulira ndi owatamanda, osati kwa amayi a kumtondo. Adalipira mtengo wake: adatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu, n'kutuluka mu 1991. Maepiskopi a Katolika nawo, m'kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992, adalankhula mwaulemu ndithu, koma adanena zimene anthu ankaopa kunena.

Tsono dandaulo langa lili kwa alembi anzanga a nthano zifupizifupi ndi masewero. Tikafuna kuonetsa munthu wogonja ngati kapolo, timathamangira mayi wogwada kapena mlonda wovula chipewa. Mkulu wa suti amene wasayina pepala loipa chifukwa choopa kutaya galimoto ya kuntchito timamusiya ayende. Kumeneko n'kuwerenga mawondo m'malo mowerenga mtima, ndipo ndi ulesi pa kalembedwe.

Sindikuti kugwada konse n'koyera. Mkazi amene akumenyedwa, achibale n'kumamuuza kuti apirire chifukwa ndiwo mwambo, ameneyo akusandutsidwa kapolo, ndipo mlembi asachite naye manyazi mwambo woterowo. Muyeso wanga ndi umodzi: kodi munthuyu, atagwada choncho, angathe kunena kuti "ayi"?

Titachoka kumanda tsiku lija, azakhali omwe aja adapita pamaso pa anyakwawa, nagwada, naomba m'manja. Kenaka adati: "Pepani mfumu, mudalakwa kugawa puloti m'mphepete mwa manda. Ife mudzatiika kuti?" Anthu adang'ung'udza movomereza, anyakwawa n'kuzyolika. Posakhalitsa foni ya mphwanga uja idalira. Anali abwana ake, kumuitana kuti abwerere kuofesi mwambo usanathe. Adaimirira, namanga batani la jekete, nayankha "Yes sir" katatu konse, ngakhale abwanawo sankamuona. Nsima ya pamaliro a agogo ake adaisiya yosadya.