Kapu ya pinki ya mu "It's a Sin" ndi kapu ya malume anga

Seweroli simungalipeze pa bening'i senta ya pa Jenala pano, ndipo ndikukayika ngati mnyamata wa pamenepo angayerekeze kuliika mu kompyuta yake. Ine anandiikira mu memore khadi ndi mnzanga wa ku Blantyre, n'kundichenjeza kuti ndionere ndili ndekha. Ndinaoneradi ndekha, usiku, chitseko chokhoma, mahedifoni ali m'khutu. Nditamaliza gawo lomaliza m'pamene ndinazindikira kuti kubisala kwangako ndiyo nkhani yeniyeni ya seweroli.

It's a Sin ndi sewero la pa kanema la magawo asanu, lolembedwa ndi Russell T Davies, ndipo linayamba kuonetsedwa pa Channel 4 ku Britain mu Januwale 2021. Nkhani yake ndi ya anyamata okonda amuna anzawo mumzinda wa London, kuyambira 1981 mpaka 1991. Pali Ritchie wochokera pachilumba cha Isle of Wight, Colin wa ku Wales, mnyamata wofatsa wogwira ntchito m'shopu yosoka masuti, ndi Roscoe, mwana wa m'banja lopemphera la ku Nigeria, yemwe amathawa pakhomo makolo atakonza zomutumiza kwawo kuti "akakonzedwe". Atatuwa amachita lendi nyumba imodzi ndi anzawo Ash ndi Jill. Akungoyamba kusangalala ndi unyamata, Edzi n'kutulukira.

Ndikudziwa, ena mwayamba kale kukwinya nkhope. Kuno malamulo akadali olanga mwamuna wogonana ndi mwamuna mnzake ndi zaka zofika 14 kundende. Tonse timakumbukira Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, omwe anagamulidwa zaka 14 mu Meyi 2010 asanakhululukidwe ndi Bingu wa Mutharika, ndipo mu Juni 2024 khoti linakana kuchotsa malamulowa. Sindikukuuzani kuti musinthe chikhulupiriro chanu lero. Ndikungoti tikambeko za kapu.

M'gawo lachiwiri, Jill akusamalira mnzawo Gregory yemwe wadwala mwakabisira. Gregory atamwera kapu ya pinki, Jill akuikwecha ndi mphamvu zonse, kenako n'kuitaya, pamapeto pake n'kuiphwanya. Palibe nyimbo yolizitsa, palibe wolankhula zambiri. Mtsikana wachikondi chenicheni akulimbana ndi mantha, basi. Apa ndinaimitsa kaye. Ndili mwana, malume anga anabwerako ku Joni ataonda, ndipo pakhomo pathu panali kapu yapulasitiki yofiira imene ife ana tinkaletsedwa kuikhudza. Inkaikidwa payokha pathandala. Palibe anatchula dzina la matendawo. Ena ankati kaliwondewonde, ena ankati awalodza, ndipo pamaliro anangoti "adwala nthawi yaitali". Ma ARV aulere anayamba mu 2004, iwo atapita kale. Chaka chomwecho Bakili Muluzi ananena poyera kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi, koma kwathu mpaka lero nkhani ya malume ndi yonong'onezana.

Apa ndiye pali mphamvu ya seweroli. Davies sanalembe za kachilombo kwenikweni, analemba za manyazi. Gregory atamwalira, abale ake akuwotcha katundu wake yense ndi zithunzi zomwe. Colin akutsekeredwa yekha m'chipinda chakuchipatala ngati mkaidi. Ndipo mayi ake a Ritchie, atadziwa zonse nthawi imodzi m'khonde lachipatala, akumutenga mwana wawo kupita naye kumudzi n'kuletsa anzake kumuona. Keeley Hawes wasewera mayiyu mwaluso loopsa: si mfiti ayi, ndi mayi wokonda mwana wake, koma chikondi chake chili ndi loko. Jill akadzakumana nawo m'mbali mwa nyanja, amauzidwa kuti Ritchie anamwalira dzulo lake. Zimene amawayankha ndizo mtima wa sewero lonse: mwana amene wakula akuphunzitsidwa kudzinyansa amafika pokhulupirira kuti matendawo ndi malipiro ake oyenera, ndiye sadziteteza, satetezanso ena.

Chimene ndalikonderanso n'chakuti silipanga anyamatawa kukhala angelo. Ritchie, yemwe wasewera ndi Olly Alexander, ndi wamatama, amanyoza nkhani ya Edzi kuti ndi bodza longoopsezera anthu, ndipo pamapeto amavomera kuti anagona ndi anthu akudziwa kuti ali nako kachilombo. Umakwiya naye, koma umamulirabe. Kuno munthu wotere timangomumata mawu amodzi, "mathanyula", nkhani n'kuthera pomwepo. Seweroli limakukakamiza kukhala naye maola angapo mpaka umuone kuti ndi mwana wa munthu, woseketsa, wamantha, wolakwitsa ngati ife tomwe.

Koma si kuti lilibe zolakwika. Choyamba ndi Jill yemwe. Ife a kuno timamudziwa bwino munthu wotere: ndi gadiyani, uja amagona pansi pa bedi, kuchapa, kuphika phala, kuthamangira adokotala. Lydia West wamusewera bwino, koma wolembayo sanamupatse moyo wakewake. Alibe chibwenzi, alibe tsiku lotopa n'kunena kuti "ine zandikwana". Funsani mayi aliyense amene anakhalapo gadiyani miyezi itatu, akuuzani kuti mkwiyo umabwera ndithu. Davies anamulemba potengera mnzake weniweni, Jill Nalder, ndipo mwina ulemu unachuluka mpaka munthuyo anasanduka fano.

Chachiwiri, m'magawo onse asanu simuonamo mzimayi wodwala matendawa. Africa imangotchulidwa modutsa, bambo ake a Roscoe atabwerako ku Nigeria n'kufotokoza momwe anaonera odwala akutsekeredwa, kenako n'kupempha mwana wawo chikhululuko. Ndi kachigawo kogwira mtima, koma kothamanga. Bambo amene anafuna kutaya mwana sangasinthe m'mphindi ziwiri. Kwa ife a ku Phalombe, komwe mliriwu unasiya agogo akulera zidzukulu, kuthamangaku kumaoneka. Davies mwiniwake ananena kuti ankafuna magawo asanu ndi atatu koma anamupatsa asanu, ndipo msoko wake ukuoneka pomwepa.

Ngakhale zili choncho, pali funso limene landikakamira. Mankhwala tili nawo tsopano, ndipo kachilombo si chiphaso cha imfa monga kale. Nanga mnyamata wa pa Jenala pano yemwe ali ngati Ritchie kapena Colin, akafuna kukayezetsa, akanena kuti chiyani akafunsidwa za wokondedwa wake? Akadwala, gadiyani wake akhala ndani? Musandiuze kuti kuno kulibe otere. Malume anga nawonso tinkati alibe Edzi.

Chakumapeto kwa seweroli timaona Jill akulowa m'chipinda cha wodwala wina amene samudziwa n'komwe, yemwe palibe amabwera kudzamuona, n'kumugwira dzanja. Mmawa mwake ndinawafunsa mayi kuti kapu yofiira ija inapita kuti. Anakhala chete kanthawi, kenako anati anaikwirira kudzala tsiku la maliro, ndipo mpaka lero amadzifunsa ngati achimwene awo ankaona kuti ikuikidwa payokha.

Ngati mungalipeze, onerani. Muli zithunzi zina za akuluakulu, ndiye ana akhale patali. Mukamaliza mudzandiuze ngati kwanu kunalibe kapu yotere.