Womasulira wa pakhomo 2947

Kachipangizo ka GPS n'kolongolola. Mukangokalumikiza ku kompyuta, sekondi iliyonse kamalavula mizere ya malemba: tili pakuti, nthawi ndi yakuti, masetilaiti amene ndikuwamva ndi awa. Koma chingwe chomwe mawuwo amadutsa chimalola khutu limodzi lokha. Mapulogalamu awiri akati amvere pamodzi, amalimbirana zilembo ngati nkhuku pa madeya, uyu watola theka la chiganizo, uyo theka linalo, onse n'kutsala manja lende. Chonsecho pulogalamu ya mapu ikufuna malo, ya wotchi ikufuna nthawi, ya woyendetsa bwato ikufuna liwiro.

Apa m'pamene imalowera gpsd. Imakhala phee kuseri kwa kompyuta, kumvetsera yokha, kenako n'kumagawira aliyense wogogoda pa khomo lake la TCP, la nambala 2947. Anaiyamba ndi Remco Treffkorn ndi Derrick Brashear m'zaka za m'ma 1990, inadutsa m'manja mwa Russell Nelson, ndipo mu 2004 Eric S. Raymond anaitenga n'kuiumba mwatsopano. Ndi yaulere, yolembedwa m'chinenero cha C, ndipo aliyense ali ndi ufulu wosuzumira m'mimba mwake, kuikonza ndi kuigawa.

Kugawako sikundidabwitsa kwenikweni. Chimene chimandigwira mtima ndi kamvedwe kake.

Zipangizo za GPS sizilankhula chinenero chimodzi. Chilipo chakale chotchedwa NMEA 0183, chimene anakonzera zida za m'sitima za pamadzi: chiganizo chilichonse chimayamba ndi chizindikiro cha dola, monga $GPRMC, n'kuthera ndi kanyenyezi ndi zilembo ziwiri zotsimikizira kuti palibe chagwa panjira. Koma opanga zipangizo amachilankhula aliyense ndi kalilime kake. Ena, monga SiRF, u-blox, Trimble ndi Garmin, ali ndi zinenero zawozawo za manambala okhaokha zimene diso la munthu silingawerenge. Liwiro lolankhulira nalo limasiyana: mwambo wakale unali 4800, zambiri za masiku ano zimathamanga kuposa apo.

Mmisiri waulesi akanangoti, mwini kompyuta alembe yekha mtundu wa chipangizo chake ndi liwiro lake. Olemba gpsd anakana. Anaika mkati mwake kachigawo kamene kamalandira chilembo chimodzichimodzi n'kumadzifunsa kuti kodi ichi chingakhale chiyambi cha chiganizo cha ndani. Kakaganiza kuti ndi NMEA, kamatsatira mpaka kumapeto. Zilembo zotsimikizira zikapanda kugwirizana, kamataya ganizolo n'kuyambanso. Kakamva phokoso lokhalokha, kamasintha liwiro n'kutcheranso khutu. Zili ngati womasulira wa kutchalitchi amene sanauzidwe kuti mlendo wachokera kuti, koma mlendoyo asanamalize moni, iye wadziwa kale kuti ichi n'Chiyao, osati Chilomwe. Zonse zimene wamva amazitulutsa m'chinenero chimodzi chosavuta, JSON: uthenga wa TPV wonena nthawi, malo ndi liwiro, uthenga wa SKY wonena masetilaiti. Wolemba pulogalamu ya mapu safunikanso kudziwa kuti SiRF n'chiyani.

Palinso kudziletsa kwina kumene ndimakusirira. Pulogalamu yoyenda miyezi osazimitsidwa imafa pang'onopang'ono ngati imabwereka memore n'kuiwala kubweza. Raymond ndi anzake anasankha kuti mtima wa gpsd usamabwereke n'komwe pamene ikugwira ntchito. Malo onse a memore amayezeratu poyamba, ngati mayi wodziwa kuti ufa wa mwezi ndi uwu basi. Ndipo ngati palibe amene wagogoda pa 2947, gpsd siitsegula chipangizo cha GPS pokhapokha mutailamula, kuti batire lisathe pachabe.

Nanga amaiyesa bwanji, poti palibe amene ali ndi zipangizo zonse m'kabati? Ogwiritsa ntchito amatumiza zimene zipangizo zawo zinalankhula, ndipo kapulogalamu kotchedwa gpsfake kamaziseweranso ngati kaseti, gpsd n'kumayesa kuti ikumva chipangizo chenicheni. Munthu akasintha mzere umodzi, makaseti onse amaliranso.

Ngakhale choncho, inapunthwapo, ndipo inapunthwira pa kusamala kwake komwe. GPS imawerenga masabata kuyambira pa 6 Januwale 1980, koma chiwerengero chake chakale chimathera pa masabata 1024 n'kubwerera pa ziro, monga zinachitikira mu Ogasiti 1999 ndi mu Epulo 2019. Pofuna kudziteteza ku chisokonezo chotere, gpsd 3.20 mpaka 3.22 inali ndi mzere woti sabata ikapitirira 2180 masekondi owonjezera a wotchi ya dziko asanafike 19, ndiye kuti chipangizo chasochera, chotsani masabata 1024. Koma masekondiwo anaima pa 18 kuchokera kumapeto kwa 2016. Pa 24 Okutobala 2021, makompyuta otenga nthawi kwa gpsd kudzera mu mapulogalamu osunga nthawi a ntpd kapena chrony akanadzuka ali mu Marichi 2002.

Stephen Williams anauona mzerewo miyezi ingapo tsikulo lisanafike, poti unali poyera, n'kudziwitsa osamalira pulogalamuyi. Gary E. Miller anaukonza, ndipo gpsd 3.23 inatuluka mu Ogasiti 2021, kutatsala masabata pafupifupi 11.